Kalaliki wa Sikelo Awerenga Mizere ya Utsi

Zaka makumi awiri ndi zitatu
ndakhala ndikukoloweka madengu pa ngowe ya sikelo
kuno kumunsi kwa phiri, njira ya ku Limbuli:
dzina, nambala, makilo,
dzina, nambala, makilo.
Tsono Edesi atabwera ndi pepala la kusukulu
nati, "Ababa, iyi ndi galafu, simungaimve,"
ndinangoseka, n'kupukuta magalasi ndi shati.

Mizere inayi, uliwonse mtundu wake.
Pamwamba analemba kuti mpweya wa kaboni
wa munthu mmodzi pa chaka, maiko a ku Ulaya.
Munthu mmodzi! Ndiye ntchito yangatu imeneyo, mwanawe.

Wa Mangalande unalawira mbandakucha,
kuno kusanadzalidwe mbande ya tiyi,
unakwera chitunda utasenza malasha
zaka zochuluka osatula.
Wa Jeremani unaulondola, wothyoka msana
pamene panadutsa nkhondo, n'kudzukanso.
Wa Swideni unatembenuka msanga
ngati munthu amene wakumbukira kuti wasiya moto kunyumba.
Wa Polandi ukutsika chokakamira,
ng'ombe yokana dibi.

"Onani kumapetoku, yonse ikutsika.
Aphunzitsi akuti ndi nkhani yabwino."

Ndi yabwino, sindikana.
Koma ku golosale kwa a Muhowa
ndikachepetsa kukongola mwezi uno
tsamba la chaka chatha saling'amba.
Mzere umatsika pa pepala,
utsi wa dzana uli pomwe unapita.

Ndipo kugawa pa mutu ndimakudziwa ine.
Ndikaphatikiza makilo a gulu lonse n'kugawa,
mai Nahache amene zala zawo zinkayenda ngati lumo
amafanana ndi Mukhito wobisala mumthunzi.
Kumenekonso ayenera kuti alipo nkhalamba
yozimitsa nyali msanga poopa bilu,
ndi bwana wodya m'mawa dziko lina, madzulo dziko lina,
mzere n'kuwasandutsa munthu mmodzi
wopanda dzina, wopanda nambala.

"Nanga wathu uli kuti?"
Edesi anatenga pensulo, nanyambita nsonga,
naujambula yekha mmene anawauzira m'kalasi:
pansi penipeni, wokwawa,
wosasiyana ndi mzere wa malire.
Ndinachita kuyandikiza nyali kuti ndiuone.

Sindikuti manja athu ndi oyera.
Matumba a makala amatsika pa njinga tambala asanalire,
zitsa za mkungudza ndaziona ndi maso angawa,
boyila ya fakitale imameza bulugama usana ndi usiku.
Zimenezo ikani pa ngowe, ndilemba.
Koma ikaninso zinazo,
sikelo ikhale imodzi.

Usiku uja phiri linatsika,
mvula itagwa masiku osaona dzuwa,
ena anati napolo wadutsa, ena anatchula dzina la pa wailesi.
Miyala yaikulu ngati thirakitala inagona m'chimanga.
Nambala 417 ikadali m'kaundula wanga wakale,
mai Nahache,
ndipo kutsogolo kwake mpata wa makilo
sindinaulembe kanthu kufikira lero.

Funso la pa pepala linali lalifupi:
fotokozani zimene mukuona.
Edesi analemba kuti inakwera, tsopano ikutsika.
Anakhoza. Anamuchonga ndi inki yofiira.

M'mawa kunacha ndi chiperoni,
Sapitwa osaoneka, madengu akudontha.
Anthu anafola, mapepala apulasitiki kumutu.
Tsamba lonyowa limalemera,
ndiye lamulo la ku ofesi limati
ndichotseko makilo a madzi pa dzina lililonse.
Ndinachotsa. Ndimachotsa nthawi zonse.
Koma tsiku limenelo bolopeni inaima kaye m'malere,
mtsikana wa dengu ali phee, kundiyang'ana,
madzi akutsika m'chigongono,
kudikira kuti ndimuuze
mvula imeneyi alipira zingati.